Chifukwa Chake Nyama Zili ndi Nthawi Yake Yoyendera

Aliyense amene anagonapo kumudzi, monga ku Madzimoyo kapena m'midzi ina yozungulira Chipata, akudziwa kuti nyama siziyenda zonse pa nthawi imodzi. Kum'bandakucha kumamveka atambala ndi njiwa. Dzuwa likakwera, gulo amaothera pamwala ndipo njuchi zimadzaza m'maluwa. Likafika paliombo, ng'ombe zimasiya msipu n'kufuna mthunzi. Kukagwa chisisira, mileme, akadzidzi, mbewa ndi udzudzu zimayamba ntchito yawo. Lero tiona chimene chimagawira nyama nthawi zimenezi, ndi phindu limene ife tingapeze pozidziwa.

Zinthu zitatu zimasintha tsiku lililonse: kuwala, kutentha ndi chinyontho cha mumpweya. Nyama iliyonse imayenda pa nthawi imene zitatuzi zikugwirizana ndi thupi lake.

Tiyambe ndi kutentha. Gulo ndi buluzi sapanga okha kutentha kokwanira m'matupi awo monga timachitira ife. Usiku amazizidwa nakhala olefuka, motero ayenera kuyamba aothera dzuwa asanathe kuthamangitsa tizilombo. Koma kwa nyama zina dzuwa lomwelo ndi mdani. Tikatsikira ku chigwa cha Luangwa, kumene mwezi wa Okotobala kumatentha kupitirira madigiri 40, tipeza mvuu zili m'madzi usana wonse, pakuti khungu lake limataya madzi msanga padzuwa. Madzulo zimatuluka kukadya udzu, ndipo mvuu imodzi ingadye makilogalamu pafupifupi 40 usiku umodzi, n'kubwerera kumtsinje kusanache.

Kuwala nako kuli ndi mbali yake. Mbewa ikayenda masana, kabawi ndi mphamba amaiona ali kutali. N'chifukwa chake imadikira mdima. Koma mdimawo uli ndi mwini wake, ndiye kadzidzi, amene makutu ake amamva ngakhale kaphokoso ka mbewa m'mapesi. Choncho nthawi ya nyama imodzi imatsogolera nthawi ya inzake imene imaidya.

Wina angaganize kuti nyama zimangoona dzuwa basi. Si choncho ayi. M'thupi la nyama muli chinthu chonga wotchi, chimene chimazungulira pafupifupi maola 24. Nyama ikatsekeredwa mumdima masiku angapo, imagonabe ndi kudzuka pafupi ndi nthawi yake yozolowera. Kuwala kwa m'mawa kumangokonza wotchiyo kuti isasokere. M'chaka cha 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imagwirira ntchito, atafufuza pa tintchentche tating'ono ta pazipatso. Nafenso anthu tili nayo.

Tsopano tifike pa zimene zikukhudza moyo wathu. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, sulimba pa mpweya wotentha ndi wouma. Masana umabisala m'malo amdima, monga kuseri kwa zovala, pansi pa bedi ndi m'denga. Usiku, kukazizira ndipo chinyontho chikachuluka, waukazi umatuluka kukafuna magazi, makamaka pakati pa usiku kufikira m'bandakucha. Iyi ndiyo nthawi imene ana athu ali m'tulo tofa nato. Ndiye chifukwa chake ukonde woteteza ku udzudzu uli ndi mphamvu yotere: umatchinga munthu pa maola omwewo amene mdani akuyenda. Ukonde wopindidwa m'sutikesi, kapena wotchingira dimba, suteteza aliyense.

Kumunda n'chimodzimodzi. Mbozi yotchedwa fall armyworm, imene inafika m'Zambia kumapeto kwa 2016, imabisala masana mkati mwa nsonga ya chimanga, momwe mumatulukira masamba atsopano, ndipo imadya kwambiri madzulo, usiku ndi m'mamawa. Mlimi wopopera mankhwala dzuwa lili paliombo amataya ndalama zake, chifukwa mboziyo ili mobisika. Alangizi a zaulimi amati tizipopera m'mamawa kapena madzulo, ndi kulunjika munsongamo. Ndipo ngati pafupi pali mpendadzuwa kapena maungu amene achita maluwa, madzulo ndiwo abwino koposa, pakuti njuchi zimakhala zitabwerera ku ming'oma yake. Kupha njuchi ndiko kuchepetsa zokolola zathu zomwe.

Makolo athu ankazidziwa zambiri mwa izi. Ankatchera misampha ya mbewa madzulo n'kukaonja m'mawa, ndipo ankadziwa usiku umene inswa zidzatuluke mvula itagwa. Inunso sabata ino yesani chinthu chimodzi: sankhani nyama kapena kachilombo kamene kamakuvutitsani pakhomo kapena kumunda, ndipo muone nthawi imene kamatuluka ndi imene kamabisala. Mukadziwa nthawi yake, mwadziwanso nthawi yolimbana nako.