Manganje a M'chisanu ku Machinga ndi Balaka

Mlendo woyenda pa mseu wochokera ku Balaka kupita ku Liwonde ndi ku Ntaja m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti sangalephere kumva ng'oma. Nthawi zina galimoto imayenera kuima kaamba ka khamu la amayi, abambo ndi ana amene adzaza mseu, akuimba ndi kuvina chothamanga. Amenewo ndi manganje, gule wa Ayao wolengeza kuti ana akupita kuchinamwali kapena akutuluka.

Chinamwali chimachitika m'chisanu pa zifukwa zomveka. Anthu amakhala atakolola, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ntchito ya kumunda yachepa. Mvula kulibe, motero msasa wa udzu umakhala wokwanira kugonamo. Akuluakulu amanenanso kuti bala limapola msanga kukamazizira. Masiku ano pali chifukwa china: ndiyo nyengo ya tchuthi chachikulu cha sukulu.

Ayao a m'maboma awiriwa, amene anali boma limodzi kufikira 1998, adachokera ku Mozambique, m'dera limene lero ndi chigawo cha Niassa, m'zaka za m'ma 1800. Chinamwali cha anyamata chimene adadza nacho chinkatchedwa lupanda. Pa lupanda akuluakulu ankaumba pansi zifanizo za dothi, inyago, nazikongoletsa ndi ufa. Zinali za nyama, mwezi ndi zina zotere, koma chachikulu chinali namungumi, chilombo cha m'madzi. Chifanizo chilichonse chinali ndi nyimbo ndi mwambi wake, ndipo makolo akale ankapemphedwa ndi nsembe ya ufa kuti asunge anawo.

Mafumu a Chiyao atayamba kulowa Chisilamu, kuyambira ndi Makanjira cha m'ma 1870, kudabwera jando, mdulidwe wathunthu wotsata chipembedzocho. Jando sadafafanize zakale zonse. Mwambo wa makolo ndi mapemphero a Chisilamu zidalukana kotero kuti lero nkovuta kuzilekanitsa. Atsikana nawo ali ndi nsondo wawo.

Chilolezo chomanga msasa, umene Ayao amautcha ndagala, chimachokera kwa mfumu. Wodula ndi ngaliba. Woyang'anira msasa ndi nakanga. Ndipo mwana aliyense amakhala ndi lombwe, womusamala ndi kumulangiza. Kumeneko anyamata amaphunzira ulemu kwa akulu, kupirira, ndi zoyenera kuchita pamaliro. Mwana amene anali wamwano kwa amayi ake amakumbutsidwa, pakuti makolo amakhala atanena kale.

Apa mwambowu ukufanana ndi wa anthu akutali kwambiri. Ku Oga, kumpoto kwa Japan, usiku wa pa 31 Disembala chipale chili mbuu, anyamata amavala zigoba zoopsa ndi zofunda za udzu nalowa m'nyumba, akubangula ndi kufunsa ngati muli ana olira kapena aulesi. Amenewa ndi Namahage. Dzinali likuchokera ku mawanga amene amatuluka pakhungu la munthu wongokhalira kuotha moto. Iwo amati adza kudzawasenda. Mwini nyumba amawalandira ndi mowa ndi chakudya, popeza amatengedwa ngati mizimu yodzetsa mwayi. Mwezi wa Febuluwale amatsika m'phiri ndi miuni kukachisi wa Shinzan, alendo akuonerera, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa.

Kusiyana kwake nkwakuti mwambo wa ku Shinzan adaukonza kuti alendo aone, pamene ndagala ndi malo obisika. Munthu wosavinidwa, ngakhale akhale wolemekezeka chotani, safika pafupi, ndipo wolowa dala amapalamula mlandu kwa mfumu. Gawo la mlendo ndi la pabwalo basi.

Mwambowu uli ndi zothetsa nzeru zake. Mpeni umodzi wodulira ana ambiri udasanduka choopsa pamene kudadza Edzi. Mu 2007 bungwe la zaumoyo la WHO lidavomereza kuti mdulidwe wochitidwa bwino umachepetsa mpata woti mwamuna atenge HIV ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Kuchokera apo, m'midzi ina ana amayamba apita kuchipatala, kenaka nkukalandira mwambo ku ndagala. Angaliba ena adaona ngati alandidwa ntchito ndi ulemu, ndipo nkhaniyi siinathe. Mafumu amalamulanso kuti misasa itsekedwe sukulu zisanatsegulidwe, pakuti mwana wochedwa kubwerera m'kalasi kawirikawiri sabwereranso.

Tsiku lotuluka ndilo losangalatsa kuona. Msasa umatenthedwa. Anawo amasambitsidwa, kumetedwa ndi kuvekedwa zatsopano, nakhala pamphasa atazyolika, osaseka ngakhale anthu awaseketse. Abale amaponya ndalama m'mbale, mpunga ndi thobwa zili ponseponse, nthungululu zili pakamwa. Mlendo naye amayenera kufupa, ndi kupempha asanajambule chithunzi. Asamalenso pakamwa: mnyamatayo watuluka ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina lake laubwana ndi chipongwe.