Mitsempha Inayi Imene Imagwira Bondo

Fupa la ntchafu sililowa m'fupa la msongolo monga mmene limalowera m'chiuno. Limangokhala pamwamba pake, ndipo chimene chimagwira mafupa awiriwa kuti asaphonyane ndi mitsempha yolimba yolumikiza fupa ndi fupa linzake. Mitsempha imeneyi si ya magazi ayi. Ikuluikulu ilipo inayi.

Iwiri ili m'mbali: MCL chamkati, LCL chakunja. Ntchito yake ndi kuletsa bondo kupindikira m'mbali. MCL imavulala kawirikawiri munthu akamenyedwa bondo kuchokera kunja, monga pa mpira wamiyendo, koma popeza imalandira magazi okwanira, nthawi zambiri imapola popanda opaleshoni.

Iwiri inayo ili pakatikati pa bondo ndipo inapingasana. PCL, yomwe ndi yolimba kwambiri, imaletsa msongolo kutsetserekera kumbuyo. Imaduka msongolo ukagundidwa kutsogolo bondo lili chopinda, monga pa ngozi ya galimoto kapena njinga yamoto. ACL imaletsa msongolo kutsetserekera kutsogolo ndi kupotoka mopitirira. Imeneyi ndiye yovuta. Nthawi zambiri imaduka popanda wina kumugunda munthuyo: wosewera mpira wamanja amatera atalumpha, kapena kutembenuka mwadzidzidzi phazi litakhazikika pansi, n'kumva kuti thi! m'bondo. Bondo limatupa m'maola ochepa chifukwa cha magazi otayikira mkati. Atsikana ndi amayi amavulala motere kuposa amuna ochita masewera omwewo, ndipo ACL ikadukiratu sikawirikawiri kulumikizana yokha.

Choopsa n'chakuti kutupa kukaphwa, munthu amayenda bwinobwino n'kumaganiza kuti wachira. Kenako bondo limamufookera akamatembenuka kapena kutsika chitunda, ndipo kuterereka kulikonse kumadya chichereŵechereŵe cha m'bondo mpaka nyamakazi imayamba msanga. X-ray imaonetsa mafupa okha, choncho kusapezeka kwa fupa lothyoka si umboni woti bondo lili bwino. Dokotala amayeza ACL popinda bondo madigiri 20 mpaka 30, n'kukokera msongolo kutsogolo, kenako n'kuyerekeza ndi bondo linalo.

Wovulala apumitse mwendo, aukweze, amange bandeji mosathinitsa, ndipo akaonedwe kuchipatala ngakhale ululu utachepa. Mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu amathandiza ambiri, ngakhale amene sangachitidwe opaleshoni. Koma bondo likaguluka, kapena phazi likazizira, kuchita dzanzi, kapena kugunda kwa magazi kukapanda kumveka, atumizidwe kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo. Mtsempha waukulu wa magazi umadutsa kuseri kwa bondo, ndipo ukavulala, kuchedwa kwa maola ochepa kungadulitse mwendo.