Akasupe a Madzi Otentha

Wothyola tiyi m'minda ya ku Thyolo, monga ya Satemwa imene inayamba mu 1923, amaŵeruka msana uli gwa, atasenza dengu tsiku lonse. Kumaiko akutali anthu otopa chotere amalipira ndalama zambiri kuti akapumule m'madzi otentha, chonsecho akasupe otere alipo kuno: Maŵira ku Nkhotakota, Chiweta ku Rumphi, ndiponso Chinyunyu, kum'maŵa kwa Lusaka m'dziko la Zambia.

Madziŵa si amatsenga ayi. Mvula imaloŵa m'ming'alu ya chigwa cha Rift Valley, nitenthedwa ndi miyala ya pansi, kenaka nkutumphuka itasakanikirana ndi mchere. Kutenthako kumafeŵetsa minofu yotopa, koma sikuloŵa m'malo mwa chipatala. Aphunzitsi angachite bwino kupita nawo ophunzira kuti akaone okha.