Musanagule vani yakale, yambani mwafufuza mbiri yake

Masiku ano aphunzitsi ambiri akumudzi kuno tikulota zogula galimoto. Sikuti tikufuna matama ayi. Malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndiye munthu amaganiza zotenga ngongole ku SACCO kapena kubanki n'kugula vani kaya minibasi yakale, yoti izinyamula anthu ndi matumba a chimanga patsiku lamsika.

Ganizoli ndi labwino, koma kagulidwe kathu n'kamene kamandidetsa nkhawa. Timayang'ana penti, mipando ndi wayilesi, wogulitsa akaliza injini kamodzi basi tagwirana chanza. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tisaiwale kuti ngongole imadulidwa kumalipiro mwezi ndi mwezi, kaya galimotoyo ili pamsewu kaya yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba.

Kusukulu kwathu, mwana akabwera kudzayamba Fomu 3 kuchokera kwina, sitimulandira poona kuwala kwa yunifolomu. Timafunsa kalata yochokera kusukulu yake yakale ndi malipoti a mayeso. Nayo galimoto ili ndi malipoti ake, ndipo ambiri mwa iwo munthu angathe kuwaona asanatulutse ngakhale tambala.

Ena amati, "Bola ili ndi COF." Zoona, chiphaso chimenechi, chomwe chili m'manja mwa nthambi ya boma ya Road Traffic, n'chofunika ndipo galimoto siyenera kuyenda popanda icho. Koma COF imangonena kuti patsiku loyezalo mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero zinali bwino. Siikuuzani kuti galimotoyo idagubudukapo, kapena kuti injini yake yatsala pang'ono kufa. Zoterezi zimapezeka m'mbiri ya kumene idachokera.

Mavani ena, monga Ford Transit ndi Mercedes Sprinter, amatumizidwa ndi abale athu okhala ku Britain. Kumeneko galimoto ikakwana zaka 3 imayenera kuyezedwa chaka chilichonse, ndipo kuyezako amakutcha MOT. Ubwino wake ndi woti zotsatira zake zili poyera pa intaneti, patsamba la boma la GOV.UK, ndipo kuziona n'kwaulere. Chofunika ndi nambala yomwe galimotoyo inkayendera ku Britain, choncho muifunse kwa wogulitsa. Mukailemba pafoni mudzaona chaka ndi chaka ngati idakhoza kapena kulephera, chimene idalepherera, mtunda umene inali itayenda, komanso machenjezo a woyeza pa zinthu zomwe zinali zitayamba kutha.

Powerenga mbiriyi, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, mtunda uyenera kumakwera chaka chilichonse. Ngati mbiri ikuonetsa mamailosi 180,000 koma mita ya m'galimoto ikuti 95,000, dziwani kuti wina adaibweza. Kumbukiraninso kuti ku Britain amawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi pafupifupi makilomita 1.6. Chachiwiri, onani ngati nkhani ya dzimbiri ikubwerezedwa. M'nyengo yachisanu misewu yakumeneko amaithira mchere, ndipo mcherewo umadya zitsulo zapansi pa galimoto. Vani yodyeka pansi singapirire mabampu a misewu yathu yafumbi itasenza matumba a fetereza. Dziwaninso kuti MOT siyeza thanzi la injini, kilatchi kapena giyabokosi.

Galimoto zambiri zomwe timaziona, monga Toyota Hiace, Nissan Vanette ndi Mazda Bongo, zimachokera ku Japan, ndipo zochuluka zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe ku Karonga. Ku Japan nakonso galimoto zimayezedwa mwalamulo, ndipo kuyezako amakutcha shaken. Galimoto ikamatuluka m'dzikomo imakhala ndi chikalata chotchedwa export certificate, chomwe chimaonetsa nambala ya chassis ndi makilomita amene adalembedwa pa kuyeza komaliza. Ngati idagulidwa pa okishoni, pamakhalanso pepala la auction sheet, pomwe woyeza amapereka giredi ndi kujambula malo onse ophwanyika. Giredi R imatanthauza kuti galimotoyo idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Wogulitsa wachilungamo savutika kukuonetsani mapepalawa. Akayamba kuzungulira, mwaphunzirapo kanthu kale.

Nanga galimoto yomwe yayenda kale zaka zingapo kuno kwathu? Apa mpofunika kudekha kwambiri. Tengani bulubuku, muyerekeze nambala ya chassis ndi ya injini zolembedwamo ndi zimene zadindidwa pachitsulo cha galimotoyo, chilembo ndi chilembo. Dzina la m'bulubuku ligwirizane ndi chiphaso chaunzika cha amene akukugulitsaniyo. Onani umboni woti msonkho wa MRA udalipiridwa, ndipo funsani ngati galimotoyo siidaikidwe chikole pa ngongole ina. Pitani limodzi ndi mwiniwakeyo ku Road Traffic kuti kusintha umwini kuchitike inu mukuona, osati kungolemberana kakalata pansi pa mtengo. Ngati pali chokayikitsa, apolisi alipo kuti atsimikize kuti si yakuba.

Mapepala akakhala bwino, ntchito yotsala ndi ya makaniko. Mutenge wanu, osati amene wakupezerani wogulitsa. Mufike m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Utsi wabuluu umasonyeza kuti ikudya oyilo. Mukatsekula potsirira oyilo n'kupeza zoyera ngati mkaka, mwina madzi akusakanikirana ndi oyiloyo. Makanikoyo alowe pansi aone dzimbiri ndi malo owotcherera. Ayang'anenso mapedulo ndi chiwongolero: ngati zaperepeseka pomwe mita ikuti galimoto yayenda pang'ono, china chake chikunama. Pomaliza, iyendetseni pamsewu wafumbi ndi pachitunda, osati patala pokha.

Ndikudziwa kuti zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama. Pafunika bandulo ya intaneti, thiransipoti yopita kutauni ndi kangachepe ka makaniko. Wogulitsa adzakuuzaninso kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano. Musatekeseke nazo. Ndalama yofufuzira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa injini ina, ndipo mavani ogulitsa sadzatha.

Nkhaniyi siithera pa ndalama zokha. Kumudzi kuno vani imodzi ndiyo imanyamula amayi oyembekezera kupita kuchipatala usiku, timu yasukulu popita kumasewero, ndi anthu opita kumaliro. Onsewa amakwera pokhulupirira kuti mwini galimoto adaonetsetsa kuti mabuleki ndi zitsulo zapansi zili bwino. Iwo alibe mwayi woona mapepala aja. Mwayiwo uli ndi wogula, ndipo umakhalapo ndalama zisanachoke m'manja.