Khadi la ku America ndi ukasitomala wa ku Nkhata Bay

Ku America kuli masitolo amene munthu sangagulemo ngati alibe khadi la umembala. Otchuka kwambiri ndi Costco ndi Sam's Club, amene anatsegulidwa mu 1983 potengera nzeru za Sol Price, mkulu amene anayambitsa Price Club mumzinda wa San Diego mu 1976. Katundu wa m'masitolowa amaunjikidwa m'makatoni mpaka kudenga, ndipo amagulitsidwa wambiri nthawi imodzi: mpunga wa m'thumba, mafuta ophikira a m'zigubu, sopo wa m'katoni. Mitengo imakhala yotsika chifukwa gawo lalikulu la phindu la eni sitolo limachokera ku ndalama za umembala.

Umembalawo uli pawiri. Kuyambira mu September 2024, khadi wamba la Costco ndi madola 65 pachaka, pomwe lapamwamba, lotchedwa Executive, ndi madola 130. Mwini khadi lapamwambali amabwezeredwa madola 2 pa madola 100 alionse amene wagulira katundu, kupatulapo zinthu monga mafuta a galimoto ndi fodya, ndipo zobwezedwazo sizipitirira madola 1,250 pachaka. Masamu ake ndi osavuta. Kuti madola 65 owonjezera aja abwerere, banja liyenera kugula katundu wa madola 3,250 pachaka, kapena kuti pafupifupi madola 270 pamwezi. Banja logula zochepera apa limangopatsa sitolo ndalama zaulere. N'chifukwa chake wogula wochenjera wa kumeneko amayamba wawonkhetsa malisiti a chaka chatha asanakweze khadi lake.

Pa msika wa Nkhata Bay palibe amene amafunsa khadi, komatu kusiyana kwa wogula wamba ndi wogula wapamwamba kulipo, ndipo wogulitsa aliyense amakudziwa. Mlendo amene wangotsika minibasi yochokera ku Mzuzu amauzidwa mtengo wa mulu wa usipa, amalipira, n'kumapita. Koma abwere mayi amene wakhala akugula pa benchi yomweyo chaka ndi chaka. Wogulitsa amayamba wafunsa za kunyumba. Akafuna kutola mulu wakumapeto amawagwira dzanja: "Ama, uyu musatenge, ngwa dzana. Tengani uyu wangotsika pa thandala." Akamathira m'jumbo amatapanso wina n'kuwonjezera, osapemphedwa. Tsiku limene ndalama zaperewera mawu amakhala akuti, "Tengani, mudzandiona mwezi ukatha."

Tikati tiwerengere, pulayizi ya pa msika wathu si yochepa. Tomato mmodzi wowonjezera pa mulu wa tomato asanu ndi 20 pa 100 alionse, kuposa kakhumi zimene Costco imabwezera membala wake wapamwamba. Ndipo kasitomala wa ku Nkhata Bay sadikira chaka kuti alandire, amanyamula tsiku lomwelo. Ngongole yopanda chiwongoladzanja komanso kuuzidwa chilungamo pa nsomba ya dzana ndi zinthu zimene khadi silingapereke.

Ukasitomala nawo uli ndi mtengo wake, kungoti kawirikawiri sulipidwa ndi ndalama. Umalipidwa ndi kusadumpha benchi ya mnzako ngakhale woyandikana naye atatsitsako pang'ono, kubweza ngongole pa tsiku limene unanena, komanso kuonekera pa maliro akagwa kwawo. Kugombe nkhaniyi imakula. Usipa amagwidwa usiku ndi nyali komanso chilimira, motero mwezi ukamawala kapena mwera ukamaomba m'miyezi yozizira, nsomba zimasowa ndipo mitengo imakwera. Masiku oterowo ndi pamene zimadziwika kuti wokondedwa ndani. Wopikula amene anathandizapo mwini chilimira ndi ndalama za mafuta a injini ndiye amayamba kuyezeredwa, ena akungoyang'ana. Anaika ndalama patsogolo kuti adzapeze mwayi pambuyo, monga amachitira mwini khadi la Executive.

Pali pamene a ku America atiposa, ndipo tisachite manyazi kuvomera. Pangano lawo ndi lolembedwa. Munthu amadziwa chimene walipira ndi chimene alandire, ndipo ku Costco membala wosakhutira amatha kubwezeredwa ndalama za umembala. Lathu limakhala m'mutu mwa anthu awiri basi. Wogulitsa akasamuka kapena kumwalira, zaka zonse zija zimathera pomwepo. Choipa china n'chakuti sitiwerengera. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera ndipo milu inachepa. Tomato wa pulayizi akhoza kukhala yemwe uja anachotsedwa pa mulu m'mawa. Chigoba choyezera chikhoza kukhala chophwanyidwa kunsi. Kasitomala amene amachita manyazi kufunsa mtengo pa benchi ina akhoza kutha chaka akulipira mokwera, uku akuthokoza.

Msampha wa ku America ndi wina. Munthu akalipira khadi lodula amafuna kudzitsimikizira kuti sanataye ndalama, ndiye amadzaza ngolo ndi zinthu zimene sanabwerere. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Madola awiri obwezedwa sangalipire madola 100 ogulira chinthu chosafunika. Komanso kugula zambiri kumafuna galimoto, firiji ndi chipinda chosungira. Ku Nkhata Bay, kumene mvula imagwa yambiri ndipo chinyezi sichitha msanga, ufa wa kondowole wosauma bwino umachita nkhungu, chimanga chimalowa anankafumbwe, ndipo magetsi akathima batala wa m'firiji amawonongeka. Zoyenera kugula zambiri kuno ndi zimene sizivunda: sopo, shuga, mchere, mafuta ophikira, makope a ana asukulu. Anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amadziwa bwino zimenezi. Tsiku limene sitima ya Ilala yaima pa doko, amakweza matumba ndi makatoni okwanira mpaka sitimayo idzabwerenso, ndipo sasankha mwachibwana chifukwa akalakwitsa alibe kobwezera.

Chowawa n'chakuti kuno ndi ku America komwe, kutchipa kumapita kwa amene ali nazo kale. Banja logula ufa wa wokumani madzulo alionse, mafuta a m'kapepala ndi shuga wa pa supuni, limalipira zambiri pa kilogalamu kuposa banja logula thumba lathunthu. Likati lipite kukapikula ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, limakumana ndi mtengo wa minibasi popita ndi pobwera, kuphatikizapo wa katundu. Imeneyi ndiyo ndalama yathu ya umembala, ndipo masamu ake ndi omwe aja a madola 65: ngati zimene wapulumutsa pa holoselo sizikuposa thiransipoti, kuli bwino kugula konkuno.

Njira yotulukira ana a ku Nkhata Bay amene ali ku Joni anaiona ndi maso. Ku South Africa amayi amapanga magulu otchedwa stokvel, n'kumasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. December akafika amakagula limodzi m'masitolo a holoselo monga Makro, amene m'dzikolo anatsegulidwa koyamba ku Germiston mu 1971, ndipo amabwera ndi katundu wodzaza galimoto n'kugawana. Mayi mmodzi sakanakwanitsa, koma gulu limagula pa mtengo wa munthu wolemera, ndipo masitolo amalimbirana magulu oterewa.

Maziko a zimenezi tili nawo kale. Banki m'khonde ili pafupifupi m'mudzi uliwonse kuchokera ku Mpamba mpaka ku Chintheche, ndipo chipereganyu n'chodziwika pakati pa amayi a mumsika. Kawirikawiri ndalama zikagawidwa aliyense amapita yekha kukagula pa mtengo wa munthu mmodzi. Gulu litati lipatule gawo la ndalamazo, n'kutuma anthu awiri ku holoselo ndi mndandanda m'manja, thiransipoti ingagawidwe pa mabanja makumi awiri. Gulu lomwelo lingathe kupangana ndi wogulitsa usipa kapena mwini munda wa chinangwa kuti lizigula kwa iye chaka chonse, pa muyeso wodziwika ndi mtengo wolembedwa m'buku. Ukasitomala ungakhale wa gulu lonse, ndipo sungathe chifukwa munthu mmodzi wasamuka.

Kwa a ku America titengeko kuwerengera ndi kulemba. Ubale wa pa benchi tiusunge, chifukwa ndi umene umadyetsa banja tsiku limene m'thumba mulibe kanthu. Inu amene muli mu banki m'khonde, pa msonkhano ukubwerawu tengani kope, aliyense alembe sopo, shuga ndi mafuta amene amagula pamwezi, muwonkhetse, kenako mufunse mtengo wa katoni. Mukapeza kuti zotsala zikuposa thiransipoti, yambani kugula limodzi mwezi womwewo.