Kompyuta Yakale Ikakana Intaneti, Yambani Mwaona Keyala

 Lero tikambirana za vuto limene limatayitsa anthu ndalama pachabe: kompyuta yakale imene yaleka kuloŵa pa intaneti, chonsecho mafoni a m'nyumba momwemo akuloŵa bwinobwino.

Mukukumbukira kuti mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo magetsi anavuta kwa miyezi yambiri. Mu March 2023 namondwe Freddy anadzetsanso madzi osefukira. Pa nthaŵi zotere rauta, kabokosi kogaŵa intaneti m'nyumba, imatha kupsa kapena kunyowa, ndipo mwini wake amagula ina. Kaŵirikaŵiri vuto lathu limayambira pamenepa.

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku rauta chimakhala ndi keyala yake, imene ndi magulu anayi a manambala, monga 192.168.1.10. Keyalayi imapezeka m'njira ziŵiri. Yoyamba ndi yakuti chipangizo chimapempha, ndipo rauta imachipatsa. Njirayi imatchedwa DHCP, ndipo inakhazikitsidwa mu 1993. Mafoni amatsata imeneyi. Yachiŵiri ndi yakuti munthu amalemba yekha keyala yosasintha. Makompyuta ambiri amene kale anali a m'maofesi amafika kwa ife keyala yotere ili m'kati.

Pamodzi ndi keyalayo pamalembedwanso nambala ya rauta, yotchedwa gateway. Imeneyi ili ngati doko la pa Shire: wofuna kuwoloka ayenera kudzera pamenepo. Doko likasamuka, munthu wokakamira pa malo akale adzadikira bwato mpaka dzuŵa kuloŵa. Choncho ngati rauta yakale inali 192.168.1.1, koma yatsopano ndi 192.168.8.1, kompyuta idzangoitana pa doko lopanda bwato. Siinafe ayi, yangosokera.

Tsono muchite izi. Choyamba, onani ngati chingwe chaloŵa bwino ndiponso ngati kanyali ka pamene chaloŵera kakuyaka. Chachiŵiri, yang'anani pansi pa rauta, popeza nambala yake imalembedwa pamenepo nthaŵi zambiri. Chachitatu, pa Windows XP kapena Windows 7, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, kenaka ipconfig. Magulu atatu oyamba a keyala ya kompyuta akasiyana ndi a rauta, mwapeza gwero la vuto.

Pokonza, dinaninso mabatani aŵiri aja ndi kulemba ncpa.cpl. Pa chizindikiro cha chingwe kapena Wi-Fi, dinani batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, kenaka Internet Protocol, imene pa Windows 7 ndi Version 4. Musanasinthe kanthu, koperani manambala onse papepala. Mukatero sankhani "Obtain an IP address automatically", ndipo muchite chimodzimodzi pa DNS. Akuluakulu anati safunsa anadya phula: ilekeni kompyuta izifunsa yokha.

Komabe kompyuta imene anzake amaidalira posindikiza mapepala imafunika keyala yosasintha. Zikatero magulu atatu oyamba afanane ndi a rauta, koma lomaliza likhale lakelake, pakati pa 2 ndi 254. Sankhani nambala imene rauta siigaŵa kwa mafoni, pakuti magetsi akazima ndi kuyakanso foni ikhoza kupatsidwa keyala yomweyo, ndipo ziŵirizo zimalimbana. Pa subnet mask lembani 255.255.255.0, ndipo pa gateway ndi pa DNS lembani nambala ya rauta.

Potsiriza, yesani polemba ping ndi nambala ya rauta. Ikayankha, njira yatseguka. Koma mukaona keyala yoyamba ndi 169.254, dziŵani kuti kompyuta inapempha koma siinayankhidwe. Pamenepo mukayikire chingwe kapena rauta.

Chenjezo ndi ili: Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020, choncho musatumizirepo ndalama kapena kulembapo zinsinsi za ku banki. Koma pa ntchito ya makalata ndi kusindikiza, kompyuta yanu ikadali ndi mphamvu. Musanakwere basi kupita nayo kwa okonza ku Blantyre, yambani mwaona keyala.