Njoka za M'mimba mwa Mphaka wa M'nyumba

Mawu oyamba

Masiku ano mabanja ambiri sasunganso chimanga m'nkhokwe panja chifukwa choopa akuba. Timatonola, kuthira m'matumba ndi kusunga kuchipinda. Tsono kumene kuli chimanga, makoswe amalondola. N'chifukwa chake ambiri a ife timaweta mphaka, ndipo mphakayo amagona m'nyumba, mwina pamphasa imodzi ndi ana.

Ena amaganiza kuti mphaka wa m'nyumba sangakhale ndi njoka za m'mimba popeza sayendayenda m'tchire. Izi si zoona. Ntchito yomwe timamuwetera, yogwira makoswe, ndiyo imam'patsa njokazo. Komanso zina mwa njokazi zimatha kulowa m'thupi la ana athu. Motero kusamala mphaka ndi mbali imodzi yosamalira banja.

Kodi njokazi ndi zamitundu ingati?

Mitundu yodziwika kwambiri ndi itatu.

1. Njoka zobulungira. Izi ndi zoyera, zooneka ngati ulusi wonenepa, ndipo zimatalika mpaka masentimita 10. Dzina lake m'mabuku ndi Toxocara cati. Ndizo zimapezeka kawirikawiri, makamaka mwa tiana ta mphaka.
2. Njoka zaphanthiphanthi. Izi zimafanana ndi lamba wa mfundomfundo, ndipo zimatha kufika theka la mita. Mfundo zake zimaduka n'kumatuluka. Tikaona tinthu tonga njere za mpunga kunsi kwa mchira wa mphaka kapena pomwe amagona, tidziwe kuti ndi zomwezi.
3. Njoka zoyamwa magazi. Izi ndi zazing'ono, pafupifupi sentimita imodzi. Zimaluma khoma la matumbo n'kumayamwa magazi. Kamwana ka mphaka kakhoza kufa nazo.

Kodi mphaka wa m'nyumba amazitenga bwanji?

Njira yoyamba ndi makoswe ndi mbewa. Ana a njoka amabisala m'mnofu ndi m'chiwindi cha khoswe. Mphaka akadya khosweyo, njokazo zimakulira m'matumbo mwake. Mbalame, abuluzi ndi mphemvu nazo zimatha kunyamula njoka.

Njira yachiwiri ndi utitiri. Mphutsi za utitiri zimadya mazira a njoka zaphanthiphanthi. Mphaka podzinyambita amameza utitiri, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu njoka imakhala itakula.

Njira yachitatu ndi mkaka wa make. Mphaka wamkazi akhoza kuoneka wathanzi koma ali ndi ana a njoka obisala m'thupi, ndipo amapatsira ana ake poyamwitsa. Choncho kamphaka kamene tapatsidwa ndi mnansi kakhoza kufika pakhomo kali nazo kale.

Njira yachinayi ndi ife eni. Mazira a njoka saoneka ndi maso. Amakhala m'dothi, ndipo timalowa nawo m'nyumba ndi mapazi kapena nsapato.

Tingadziwe bwanji kuti mphaka ali ndi njoka?

- Amaonda ngakhale akudya bwino.
- Ubweya umanyankhalala, susalala.
- Tiana timatupa mimba pamene nthiti zikuonekera.
- Amatsegula m'mimba kapena kusanza, mwina kusanza njoka imene.
- Nkhama zimayera chifukwa chochepa magazi.

Koma tikumbukire kuti mphaka wamkulu nthawi zambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Amaoneka bwinobwino uku akutaya mazira ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Tisadikire kuti adwale.

Nanga ana athu zikuwakhudza bwanji?

Mphaka amakonda kudzithandiza pa dothi lofewa n'kukwirira. Mulu wa mchenga womangira nyumba, bedi la ndiwo zamasamba ndi fumbi la kuseri kwa khitchini ndiwo malo ake. Awa ndi malo omwenso ana amaseweramo.

Mazira a njoka zobulungira akagwa pansi amatenga milungu iwiri kapena inayi kuti akhwime, ndipo akakhwima amakhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka. Mwana akadya ndi manja a dothi amameza mazirawo. M'thupi la munthu njokazi sizikula, koma ana ake amayendayenda mpaka kuchiwindi ndi m'mapapo. Mwana amatha kutentha thupi, kutsokomola ndi kumva m'mimba. Mwa apo ndi apo zimafika m'diso n'kuliwononga.

Ana a njoka zoyamwa magazi amaboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato kapena wokhala pamchenga wonyowa. Pakhungupo pamaoneka kamzere kofiira kokhotakhota, koyabwa kwambiri. Tikaona zotere, tipite naye mwana kuchipatala ndipo tiwauze adokotala kuti pakhomo pali mphaka kapena galu.

Kodi mankhwala ake ndi otani?

Mankhwala alipo, koma si onse amene amapha njoka zamitundu yonse. Piperazine amapha njoka zobulungira zokha. Pyrantel ndi fenbendazole amapha zobulungira ndi zoyamwa magazi. Praziquantel ndiye amapha zaphanthiphanthi. Pali mapiritsi ena ophatikiza, mwachitsanzo pyrantel ndi praziquantel m'piritsi limodzi. Tipite kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu kapena kusitolo yogulitsa mankhwala a ziweto, ndipo tinene momveka kuti tikufuna a mphaka. Okhala mu Lilongwe akhozanso kufunsa ku bungwe losamalira nyama la LSPCA.

Mlingo wa mankhwala umatsata kulemera kwa mphaka. Timuike m'thumba kapena m'dengu ndi kumuyeza pa sikelo. Mphaka wamkulu amalemera makilogalamu 3 kapena 4.

Nthawi yake ndi iyi:

- Tiana tiyambe kulandira tikakwana milungu 3, kenaka pakatha milungu iwiri iliyonse mpaka titaleka kuyamwa. Make alandire nthawi yomweyo.
- Kuchokera apo, kamodzi pamwezi mpaka miyezi 6.
- Mphaka wamkulu wogwira makoswe alandire pakatha miyezi itatu iliyonse, ndiye kuti kanayi pachaka.
- Ngati taona njoka ndi maso, tibwereze pakatha milungu iwiri kapena itatu, chifukwa mankhwala ambiri amapha njoka zazikulu zokha.

Mphaka akamakana piritsi, tiliphwanye ndi kusakaniza ndi kausipa pang'ono iye ali ndi njala. Ngati pakhomo pali amphaka angapo ndi agalu, onse alandire tsiku limodzi, aliyense mankhwala omuyenera.

Chenjezo

Tisam'patse mphaka mankhwala a anthu. Praziquantel ndi yemwe ana amalandira kusukulu pochiza likodzo, koma piritsi la munthu lili ndi mamiligalamu 600, pamene mphaka wa makilogalamu 4 amafunika mamiligalamu 20 okha. Panado ndi poizoni kwa mphaka, piritsi limodzi likhoza kumupha. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin, dibi wa ng'ombe ndi mankhwala othira m'chimanga, zonsezi zimapha mphaka. Tisam'sambitse nazo.

Kupewa kumaposa kuchiza

Mankhwala amapha njoka zimene zilipo lero, sateteza za mawa. Choncho tichite izi:

1. Tithane ndi utitiri. Mazira ake amagwera pansi, m'mphasa ndi m'ming'alu. Tisese tsiku lililonse, tizire m'nyumba, tiyanike mphasa padzuwa ndipo chiguduli chogonapo mphaka tichape ndi madzi otentha.
2. Ngati mphaka amadzithandiza m'nyumba, timuikire beseni lakale la mchenga. Tiole tsiku lomwelo mazira asanakhwime, ndipo titaye m'chimbudzi, osati m'dimba. Amayi oyembekezera asagwire ntchito imeneyi, chifukwa zonyansa za mphaka zimakhalanso ndi tizilombo tina toopsa kwa mwana wosabadwa.
3. Tivindikire mchenga womangira ndi malata akale kapena pepala lapulasitiki.
4. Ana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera ndi mphaka ndiponso asanadye.
5. Titsuke bwino masamba ndi zipatso zotola pansi.
6. Mphaka akhale ndi mbale yakeyake, ndipo nyama ndi matumbo zom'patsa zikhale zophika.

Kuthamangitsa kapena kupha mphaka si yankho, pakuti makoswe adzatha chimanga chathu. Mphaka amatigwirira ntchito usiku wonse osalipidwa. Piritsi kanayi pachaka ndiwo malipiro ake.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi pakhomo pathu mphaka amadzithandiza pati? Nanga ana amasewera pati?
2. Kodi mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu timam'dziwa? Amapezeka kuti?
3. Kodi mabanja oyandikana angasonkhe bwanji ndalama kuti agule mankhwala pamodzi ndi kupatsa ziweto zawo tsiku limodzi?